Anamutuma Kukatukwana Wim

Tupochile ananyamuka mochedwa pakhomo lomaliza lija, ndipo ananyamuka atakwiya. Mwini nyumbayo, bambo wamtali ngati mlongoti, anamuyankhira pakampata ka chitseko, osamuuza n'komwe kuti lowani muyambe mwafundidwa. Wim Halse? Dzina limenelo sanalimvepo. Nyumbayo anachita kugula. Usiku wabwino. Chitseko pha!

"Usiku wabwino wa chiyani?" anatero Tupochile m'Chichewa, akukalipira chitsekocho. "Munthu ndayenda mtunda wonsewu, ngakhale kampando osandipatsa? Makolo anu anakulerani bwanji anthu inu?"

Chitseko sichinayankhe, choncho anakoka zipi ya jekete mpaka pachibwano n'kuyamba ulendo wobwerera. Kamudzi kameneko kali kunja kwa Zierikzee, tauni yakalekale ya m'mphepete mwa nyanja ku Netherlands, ndipo basi yomaliza yopita ku Rotterdam inkadutsira pachipata cha tauniyo. Ku Rotterdam n'kumene anasiya chikwama chake, m'chipinda chotchipa chogona anthu ambiri pamabedi osanjikiza, ndipo m'mawa mwake anayenera kukwera ndege yobwerera ku Perth, ku Australia. Masana anthu anamulangiza kuti abwereke njinga. Atamva mtengo wake anaseka, nati miyendo anabadwa nayo yaulere. Tsopano miyendo yaulere ija ndi imene inkayenera kulimbana ndi mdima, mphepo ndi mtunda.

Tisabise, Tupochile ndi woumira. Ndalama ikalowa m'manja mwake imatuluka ikulira. Pochokera ku ukwati wa mng'ono wake ku Dublin anasankha tikiti yotsika mtengo kuposa onse, ija yokugoneka panjira ngati katundu woiwalika. Chakudya cha tsiku lonse chinali buledi wopaka chiponde ndi mazira owiritsa, ndipo anadyera pabenchi, akupukusira mutu azungu amene ankalipira kuti akwere nsanja yomwe eni ake sanaimalize n'komwe kumanga. Jekete analigula pakaunjika wa ku Morley, ku Perth kuli dzuwa loswa mtengo. Linali jekete la kuzizira kwa ku Perth, kumene anthu a kuno akanakutcha nthabwala.

Koma kuumira si kumene kunamufikitsa kuno. Anachita kumutuma.

Tupochile amasamalira okalamba panyumba ina ku Morley, ndipo pakati pa okalambawo pali Gogo Marijke, mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi anayi, wobadwira ku Zierikzee komweko. Musaganize za gogo wogawa maswiti. Gogo Marijke amaponya supuni. Amalavula mankhwala, amatukwana madokotala m'zilankhulo ziwiri, ndipo antchito ena amasinthana mashifiti pothawa chipinda chake. Amamvana ndi Tupochile yekha, mwina chifukwa okwiya awiri amadziwana fungo.

Gogoyu anafika ku Fremantle, doko la pafupi ndi Perth, pa sitima ali mtsikana, kumapeto kwa 1952. Kwawo anasiya mnyamata wolima m'minda ya anthu, Wim Halse, amene abale a Marijke sankafuna kuona ngakhale mthunzi wake. Awiriwo anapangana kuti Wim atsatira pa sitima ina. Sanabwere. Patapita nthawi kunafika mlongo wake wa Marijke, ndipo ndi amene anabweretsa nkhani: Wim wakwatira mwana wa wophika buledi, akunenepa, muiwale. Marijke anakwatiwa ndi wina, anabereka, mwamunayo anamuika m'manda, koma mkwiyo wa Wim anausunga ngati mbewu.

Atamva kuti Tupochile adzadutsa ku Netherlands, anamugwira dzanja ndi zala zake zouma zija.

"Ukamupeze. Ukamuuze kuti ndinkaima padoko sitima iliyonse ikamafika, mpaka alonda anayamba kundiseka. Ukamuuze kuti ndi wabodza, ndi wamantha, ndipo sindinamukhululukire. Ukatero, akuuze chifukwa chake sanabwere. Ndikufuna ndimve ndisanafe."

"Nanga ngati anamwalira, agogo?"

"Anthu ngati iye safa msanga."

Anzake a pantchito anamuuza kuti angovomera, gogoyo pofika mawa aiwala. Wina mpaka anati akangojambula ngalande ndi maluwa, pobwera adzapeke kuti Wim wapepesa, nkhani ithe. Tupochile anawayang'ana ngati amisala. Dokotala anali atanena kale kuti mtima wa gogoyo watopa, masiku ake ndi owerengeka. Kumene Tupochile anakulira, munthu amene ali pafupi kutsikira kulichete akakutuma, mawu akewo suwataya panjira ndipo suwasungunula. Umakawatula pakhutu pa mwini wake, onse, n'kubwera ndi yankho. Anali atanena kuti "ndamva, agogo," ndipo zinathera pomwepo. Komanso, tinene zoona, uthengawo unamukomera. Naye ali ndi Wim wake: Edmund, mwamuna wake, amene anatsala ku Area 25 ku Lilongwe akukonza mapepala oti amutsatire. Mapepalawo akukonzedwabe mpaka lero, ndipo anthu akuti pachingwe cha pakhomopo payamba kuyanikidwa zitenje zachilendo.

Tsiku lonse anazungulira tauniyo ngati wotaya singano. Alendo ena ankajambula zipata zakale za nsanja zosongoka, mlatho woyera umene umanyamuka kuti maboti adutse, tinyumba topendekeka tokhala ngati tikunong'onezana; iye ankagogoda. Anafunsa kutchalitchi. Anafunsa kwa wogulitsa nsomba, amene m'malo moyankha anamupatsa kansomba kakakulu ngati chala, kosaphika, kuti alawe, ngati iye wabwera kudzachita chipongwe m'mimba mwake. Anafunsa nkhalamba zokhala padoko, zinafunsana, zinatsutsana za Halse wina amene anali ndi hatchi, kenako zinaiwala kuti pali mlendo. Pomaliza analowa m'nyumba yosungira zinthu zakale, ataonetsetsa kuti munthu wongofunsa salipira pakhomo.

Mayi wa pamenepo anali wachifundo. Anamuonetsa mzere pakhoma, pamwamba pa mutu wake, nati apo ndi pamene madzi anafika usiku umene nyanja inaswa zipupa zoitchinga n'kumiza mbali yaikulu ya chilumba chimene pali tauniyo, mabelu a matchalitchi akulira kuchenjeza anthu, kalekale. Tupochile anagwedeza mutu, maganizo ali kwina. Kenako mayiyo anati banja la Halse linkalima kukamudzi kena kunja kwa tauni, n'kuwonjezera mwaulemu kuti, poti munthuyo ndi wakale chonchi, bwanji ayambe wayang'ana kumanda amene ali panjira yopita komweko.

Kumanda! Tupochile anangoti kukamwa yasa. Munthu wamoyo, mlendo, wamkazi, n'kukalowa kumanda a eni ake popanda maliro, popanda wotsegula njira, kumakawerenga miyala ngati akusankha sopo m'shopu? Anthu ake ndi otani awa? Anathokoza ndi mano okha n'kutuluka. Popita kukamudziko anadutsa pachipata cha mandawo atayang'ana kumbali, monga anaphunzitsidwira. Amati safunsa anadya phula, koma alipo ena amafunsa, n'kuuzidwa, n'kudyabe phulalo.

Tsopano anali pamsewu womwewo, usiku, m'manja mulibe yankho. Msewuwo umayenda pamwamba pa chipupa chadothi chotchinga nyanja: kumanja madzi akuda, kumanzere minda yotsika kuposa madziwo, chinthu chimene Tupochile anachiona ngati kumuyesa Mulungu dala. Magetsi kunalibe. Mphepo inkalowa m'jekete ngati ili kwawo. Ndipo iye ankayenda akutukwana, poti mkwiyo umafunditsa. Anatukwana Wim, nkhalamba yobisala. Anatukwana bambo wa chitseko uja. Anatukwana wobwereketsa njinga. Chimene chinkamuwawa kwambiri chinali nkhope ya gogo: akadzalowa m'chipinda muja, gogo n'kudzutsa mutu, iye adzati chiyani? Kuti ndinaona mlatho wokongola?

Foni inanjenjemera m'thumba. Anali Edmund: "Bwanji ku Ulaya, madamu? Mapepala aja atsala pang'ono, osadandaula." Tupochile anatsonya mwamphamvu moti nkhosa zimene zinagona m'mbali mwa chipupa zinadzidzimuka n'kuthawa. Anabweza foni m'thumba n'kuyamba kumuwerengera Edmund milandu yake mokweza, kuyambira ya chaka chimene anakwatirana.

Ali mkati mwa milanduyo, anamva kuti sakuyenda yekha.

Tchwa... tchwa... tchwa...

Nsapato zonyowa. Kumbuyo.

Anaima. Nazonso zinaima. Anayamba kuyenda. Tchwa... tchwa...

Koma Tupochile si wothawa chinthu asanachione. Anatembenuka, botolo la madzi lili m'manja ngati chibonga.

Anali mnyamata. Wamtali, woonda, chipewa chansalu kumutu, chikhoti chachikulu cha mtundu umene ngakhale pakaunjika sungaupeze. Kudzanja ananyamula sutikesi yomanga ndi chingwe, ndipo pakona pake pankadontha madzi. Tho... tho... tho... Tsiku limenelo mvula sinagwe.

"Mwamva mabelu, mayi?" anafunsa mnyamatayo. Chingerezi chake chinali chodukaduka, cha munthu wochiphunzira yekha, liwu limodzilimodzi.

"Mabelu ati? Iwe, usiku uno kumalondola munthu kumbuyo osapereka moni? Ukufuna undiimitse mtima?"

"Akuliza mabelu. Tifulumire."

Tupochile anatchera khutu. Mphepo yokha. Anati mwina ndi woledzera, kapena ndi ana a masiku ano osuta zosadziwika. Komabe woledzera wolowera kumene ukupita aposa mdima. Anayendera limodzi. Mnyamatayo ankanunkha matope ndi ndere za m'nyanja. Mbali imene iye anali kunkazizira kuposa mbali ya mphepo, ndipo pamene mpweya wa Tupochile unkatuluka ngati utsi, pakamwa pa mnyamatayo sipankatuluka kanthu.

"Mwachokera kutali," anatero mnyamatayo.

"Ku Australia. Ndipo ndikanadziwa sindikanabwera."

Tchwa uja anasiya.

"Fremantle?"

"Pafupi pomwepo. Bwanji?"

"Ndikupita kumeneko. Kuli wina akundidikira."

Apa ndiye anaponda pachilonda.

"Akukudikira! Ndiye iwe ukuyendayenda m'madambo muno ndi sutikesi yonyowa? Nonse ndinu amodzi. Ndikubwera, ndikubwera, mwana wa eni ake mpaka imvi mbuu ali pawindo!"

"Sitima inyamuka Lachiwiri."

"Sitima yanji? Anzako amakwera ndege."

"Lachiwiri," anabwereza mnyamatayo, ngati sanamve. "Marijke sakonda kudikira."

Tupochile anaima chilili.

Wina aliyense apa akanaliyatsa liwiro. Koma mkwiyo uli ndi nzeru zake zopusa, ndipo unamupatsa yankho msangamsanga: uyu ndi mdzukulu wa Wim. Mayi wa zinthu zakale uja waimba foni, banja lamva kuti kwabwera mkazi wakuda wofunafuna agogo awo, abisa nkhalambayo, n'kutuma kamnyamataka kudzachita zisudzo ndi sutikesi. Kumuseka iye, ndi kumusekanso gogo amene akufa ku Morley! Magazi anamuwira.

"Ohoo! Ndiye mukumudziwa Marijke eti? Chabwino. Tsegula makutu, ukawatulire agogo akowo monga ndikunenera, usakachotsepo kanthu."

Ndipo anatula. Ananena za padoko, za mtsikana woima padzuwa la ku Fremantle akuyang'ana nkhope iliyonse yotsika sitima, za alonda omuseka. Ananena "wabodza." Ananena "wamantha." Ananena "sindinamukhululukire," n'kubwerezanso kuti lilowe bwino. Uthenga wa gogo utatha sanaime. Anathirapo tsabola wake, uja ankasungira Edmund: kuti mwamuna wotere akanapanda kubadwa, kuti buledi wa mkazi wakeyo amutsamwe, kuti tsiku lake likadzafika asadzapeze pogona, azidzangoyendayenda ngati galu wosowa kwawo. Anakalipa m'Chingerezi, Chingerezi chitamuthera anapitiriza m'Chichewa, chala chili pamphuno pa mnyamatayo.

Mnyamatayo sanaphethire. Madzi ankatsika m'chipewa, kutsika pachibwano, kutsika m'manja mwa chikhoti.

"Wamantha," anatero pang'onopang'ono. "Watero Marijke?"

"Ndi pakamwa pake."

"Ankaima padoko..."

"Mpaka alonda kumuseka! Tsopano ndipatse yankho ndizipita. Chifukwa chiyani sanabwere?"

"Ndanyamuka," anatero mnyamatayo. "Ndanyamuka kale. Koma njira... njira yadzaza madzi."

Ndipo pamenepo Tupochile anawamva. Mabelu. Kutali, pansi, ngati akulira m'kati mwa madzi. Ngwee... ngwee... ngwee...

Mnyamatayo anatembenuka n'kutsika chipupa, kulowera kumene kunali mitengo yopindika ndi mphepo.

"Iwe! Sindinathe! Limenelo ndi yankho loti ndikamuuze munthu wodwala? Bwera kuno!"

Anamutsatira. Anaterereka paudzu, anadzuka, anathamanga. Anadutsa pakachipata kachitsulo osakaona n'komwe. Anatambasula dzanja, anagwira chingwe cha sutikesi...

Kuzizira kwake! Kunalowa m'fupa mpaka paphewa. Chingwecho chinali choterera, chowola. Chinamupulumuka.

Mapazi ake anali m'madzi. Anawamva. M'kakolo. M'mawondo. Akukwera, akukoka. Mabelu aja tsopano anali pamutu pake penipeni. Ng'ombe zinkalira kwinakwake. Khanda linkalira. Wina ankaitana dzina, kuitana, kuitana...

"Mayo ine! Yesu!"

Zii.

Anayatsa tochi ya foni. Pansi panali pouma. Nsapato zouma. Mnyamata kunalibe.

Miyala. Kutsogolo miyala. Kumbuyo miyala. M'mizere.

Anali pakati pa manda!

Kuwala kwa tochi kunagwera pamwala umene unali patsogolo pake. Miyala ina yonse inali youma. Uwu wokha unkachucha madzi, ndipo pansi pake panali kachithaphwi konunkha nyanja. Chidatchi sankachidziwa, koma dzina ndi manambala sizifuna womasulira.

Wim Halse. 1931 – 1953.

Anaunika mwala woyandikana nawo. 1953. Winawo, 1953. Mzere wonse, akulu ndi makanda omwe, chaka chimodzi, tsiku limodzi. Ndi pamene mawu a mayi wa zinthu zakale uja anamufika m'makutu: usiku umene nyanja inaswa zipupa.

Panalibe mwana wa wophika buledi. Panalibe kunenepa, panalibe mdzukulu. Panali mnyamata amene anamanga sutikesi yake ndi chingwe, nanyamuka kuti akapeze sitima ya Lachiwiri, nyanja n'kumupeza panjira. Ndipo iye Tupochile wabwera kuchokera kutsidya lina la dziko kudzamuloza chala pamphuno, kudzamutemberera kuti asapeze pogona.

Momwe anatulukira mmenemo sakudziwa mpaka lero. Anangozindikira ali pamalo odikirira basi, pafupi ndi chipata cha tauni, akupuma mwawefuwefu. Mantha anali pomwepo, koma mkwiyo nawo unali utabwerera, ndipo tsopano unapeza mwini wake weniweni: mlongo uja, amene anatsika sitima bodza lili m'kamwa, n'kumadya nawo Khirisimasi zaka zonsezo, n'kufa mwaulemu osalilavula. "Mfiti!" anakuwa Tupochile, makoma akale aja n'kumubwezera. Koma Edmund asaone ngati wapulumukira pomwepo. Ku Area 25 kulibe nyanja.

Ku Perth kunali kukucha. Anaimbira Dinnah, namwino wa ku Lusaka amene anali pa shifiti ya usiku.

"Iwe Tupo, manje ni nthawi bwanji uko? Nili pafupi na handova ine, niweluke."

"Agogo ali maso?"

"Ba Marijke? Sibanagone olo pang'ono. Usiku onse bakamba chabe Chidatchi, banitema na kapu futi. BP yatsika maningi, mwandi. Ubwele chabe mwamsanga."

"Uwaikire foni pakhutu. Chonde, Dinnah, pompano."

Kunamveka mapazi, chitseko, kenako kupuma kolemera.

"Wamupeza?" Mawu a gogo anali atachepa, koma minga inali momwemo.

"Ndamupeza, agogo."

"Wanenepa?"

Tupochile akanatha kunama, ndipo anthu ambiri achifundo akananama. Koma iye anatumidwa yankho.

"Sanakwatire, agogo. Mlongo wanu ananama. Wim ananyamuka, sutikesi ili m'manja, akubwera kwa inu. Madzi aja anamupeza panjira. Ali m'manda kuno kuyambira 1953."

Tupochile anayang'ana foni, kuyesa yaduka.

"Yomanga ndi chingwe," anatero gogo, ndipo sikunali kufunsa. "Loko wake anali wothyoka. Ndinamuuza kuti agule ina."

"Yomanga ndi chingwe, agogo."

"Ndiye kuti wamuona."

"Ndamuona."

Gogo sanadabwe, pamsinkhu umenewo akufa ndi amoyo amakhala moyandikana makomo. "Wamuuza chiyani?"

"Zonse zimene munandituma. Ndi zina zanga pamwamba."

"Chitsiru!" Liwulo linakwera moti Dinnah anamveka akuwatonthoza. "Chitsiru cha mtsikana! Munthu wamira akubwera kwa ine, iwe n'kukamutcha wamantha? Bwerera!"

"Agogo, munandituma ndinu!"

"Ndiye ndikukutumanso! Bwerera pompano. Sindifa iye atanyamula mawu amenewo."

"Mukudziwa kumene mukunditumako? Ndi kumanda! Usiku! Basi yomaliza ikubwera apa, ndege yanga ndi ya m'mawa, ndipo ife kwathu kumanda sitilowa chisawawa, ndalakwa kale..."

"Tupo." Ukali uja unatha mwadzidzidzi. "Ndegeyo ikamafika kuno, ine mwina kulibe. Chonde."

Gogo Marijke anali asananenepo chonde kwa munthu aliyense panyumba ija.

Magetsi a basi anaonekera pakona. Inaima, chitseko chinatseguka, kampweya kofunda kanatuluka, dalaivala n'kumamuyang'ana modikira. Tupochile anaganiza za mtengo wa takisi yopita ku Rotterdam usiku. Anatukwana gogo chamumtima, anatukwana mlongo uja, anatukwana nyanja ndi anthu omanga nyumba pansi pa madzi. Kenako anakweza dzanja kuuza dalaivala kuti azipita.

Njira yobwerera inali yaitali kuposa poyamba, chifukwa tsopano ankadziwa. Udzu uliwonse wogwedezeka unali mapazi. Anayesa kuimba nyimbo ya kutchalitchi, pakamwa panauma. Chimene chinkamukankha chinali kupuma kwa gogo pafoni, kolemera, kodukiza, ndi mawu a Dinnah chapatali akuti, "Balipo, yenda chabe."

Pachipata chachitsulo anaima. Anapana foni m'khwapa, ananyonyomala, n'kuwomba m'manja mofatsa.

"Odi, eni mudzi. Ndine mlendo, poyamba paja ndinalowa mwamwano. Pepani. Ndabwera ndi munthu wanu."

Palibe anayankha, ndipo anathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo. Anapeza mwala uja n'kugwada, mawondo m'kachithaphwi kozizira.

"Bambo Halse, zija ndinawonjezera zija sizinali zanu, zili ndi mwini wake ku Lilongwe. Ndazilavula. Mugone bwino. Zotsalazo mumve kwa eni ake."

Anakweza mawu a foni, anaigwira ndi manja awiri pafupi ndi dzinalo, n'kutembenuzira nkhope kumbali, poti akuluakulu akamakamba zawo mwana sayang'anitsitsa.

Gogo Marijke anayamba m'Chidatchi. Anayamba mokalipa, monga mwa masiku onse. Kenako mawu anasweka, anasanduka kulira, kulirako n'kusanduka kunong'ona. Tupochile sanamvepo kanthu kupatula dzina. Ndiyeno gogo anasiya kuyankhula. Mphepo inali italeka. Kumanda zii, pafoni zii, chete wa munthu amene akumvetsera.

Kenako gogo anaseka, kaseko kamanyazi ka mtsikana, nayankha funso limene Tupochile sanalimve.